VOTI YA MUNTHU AMENE ALI KUTALI NDI KWAO

Nkhani ino ikunena za munthu amene dzina lace liri m'buku la oponya voti, koma pa tsiku la cisankho sangathe kufika pa malo oponyera. Anthu otere ndi ambiri m'dziko liri lonse. Wina wagona m'cipatala, wina ndi nkhalamba yosatha kuyenda, wina ndi msilikari amene Boma lamtumiza kutsidya kwa nyanja, ndipo wina anapita kukafuna nchito ku dziko la eni. Omvera a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe adziwa bwino za maulendo otere, pakuti mabanja ambiri ali ndi mbale wao ku Johannesburg, ku migodi ya ku Kitwe kapena ku London. Kodi munthu wotere ataye mau ace posankha atsogoleri cifukwa ca matenda kapena ulendo? Maiko ambiri anaona kuti nkosayenera, napanga malamulo oti voti yace iziyenda ngakhale iye mwini sangathe kuyenda. Dziko la Britain lakhala likuyesa ndi kukonza malamulo otere kwa zaka zoposa 100, cotero ndilo lidzakhala citsanzo cacikuru m'nkhani ino.

DZINA NDI CINSINSI

Pa malo oponyera voti pamacitika zinthu ziwiri zimene anthu sazilingalira cifukwa anazizolowera. Coyamba, kalaliki aona munthuyo ndi maso, apeza dzina lace m'buku, naikapo cizindikiro kuti asadzabwerenso kaciwiri. Caciwiri, munthuyo alowa yekha m'kacipinda kobisika, nalemba pa pepala lace popanda womuyang'ana, kenaka aliponya m'bokosi momwe lisakanikirana ndi mapepala a anzace. Coyambaco citsimikiza kuti woponyayo ndiye mwini voti. Caciwirico cisunga cinsinsi cace.

Cinsinsi cimeneci sicinalipo ciyambire. Ku Britain, kufikira caka ca 1872, mwamuna anali kuchula poyera dzina la amene akumfuna, pamaso pa khamu la anthu, mwini munda umene iye anali kulima ali kumva, bwana wace wa ku nchito alinso pomwepo. Wochula dzina losakondweretsa akuru amenewa anatha kucotsedwa nchito kapena kuthamangitsidwa pa munda. Lamulo la 1872 linathetsa zimenezi pobweretsa pepala ndi bokosi lotseka.

Tsono pepala likaturuka m'nyumba yoponyera ndi kuyenda pa positi, zinthu ziwiri zija ziyamba kulimbana. Kuti akuru a cisankho adziwe kuti pepalalo lacokera kwa mwini wace, payenera kukhala dzina. Kuti cinsinsi cisungike, dzina siliyenera kukhalapo. Ndiponso pa ulendo wonsewo palibe wa Boma amene alipenya. Lingathe kutayika, kubedwa, kucedwa pa njira, kapena kulembedwa pa gome la m'nyumba mwamuna waukali ataimirira kumbuyo kwa mkazi wace. Akuru anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndipo voti ya pa positi ndi fodya wa pacala kufikira italowa m'bokosi. Malamulo onse amene afotokozedwe pano anapangidwa pofuna kuyanjanitsa ziwirizi, dzina ndi cinsinsi.

ASILIKARI NDIWO ANATSEGULA NJIRA

Nkhondo ndiyo inakakamiza Britain kuganizira anthu a kutali. Kumayambiriro a 1918, nkhondo yaikuru yoyamba iri mkati, Nyumba ya Malamulo inaona kuti sikungakhale cilungamo kusankha Boma latsopano pamene amuna omenya nkhondoyo akali m'misasa ya ku France ndi kwina. Cotero lamulo la caka cimeneco linakhazikitsa buku lapadera la maina a oponya voti amene sali pakhomo. Asilikari a kufupi analandira mapepala ao pa positi, ndipo a kutali kwambiri analoledwa kusankha munthu wokhulupirika wa kwao kuti akawaponyere. Anthu a m'dzikomo anaponya pa 14 December 1918, koma kuwerenga kunayembekeza kufikira pa 28 December kuti mapepala a asilikari afike.

Zinabwerezeka mu 1945. Nkhondo ya ku Ulaya inatha m'mwezi wa May, koma asilikari a Britain anali akali obalalika ku Germany, ku Italy, ku India ndi ku Burma, dziko limene asilikari a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia anamenyako nkhondo pamodzi nao, ngakhale kuti awa analibe voti pa cisankhoco. Tsiku loponya linali 5 July. Mabokosi anatsekedwa ndi cidindo, nasungidwa osatsegulidwa kwa masabata atatu podikira mavoti a asilikari. Winston Churchill, amene anali Nduna Yaikuru, anapita ku msonkhano wa ku Potsdam kukakambirana ndi Truman ndi Stalin asakudziwa ngati mpando ukali wace, ndipo anatenga Clement Attlee, wopikisana naye, kuti akakhale nao pa zokambiranazo. Onse awiri anabwerera ku London kudzamva zotsatira pa 26 July. Cipani ca Labour cinapata mipando 393, ndipo amene anabwerera ku Potsdam monga Nduna Yaikuru anali Attlee. Dziko lonse linapirira masabata atatu cifukwa ca mapepala a anthu amene sanali pakhomo.

Lamulo la 1948 linapereka mwai womwewo kwa anthu wamba okhala ndi cifukwa comveka, monga akhungu, odwala osatha kuyenda, ndi amene nchito yao iwayendetsa kutali. Mu 1985 anaonjezapo anthu amene ali pa ulendo wokapumula, ndiponso nzika za Britain zokhala m'maiko ena. Potsiriza, lamulo la 2000 linati kuyambira 2001 munthu ali yense wa ku England, Scotland ndi Wales angathe kupempha voti ya pa positi popanda kupereka cifukwa. Ku Northern Ireland kokha cifukwa cifunikabe. Anthu anaikonda njirayi, kotero kuti pa cisankho ca 2019 pafupifupi voti imodzi mwa mavoti 5 ali onse inadza pa positi.

ZIMENE ZINACITIKA KU BIRMINGHAM

Koma khomo lotseguka kwambiri lilowetsa ndi mbala zomwe. Mu June 2004 kunali cisankho ca makhansala a mzinda wa Birmingham. Pa nthawiyo pepala la voti linali kutumizidwa ku keyala iri yonse yolembedwa pa kalata yopempha, ndipo panalibe njira yoyesera ngati dzina losainidwa pobweza pepalalo linali la mwini wace. M'zigawo ziwiri za mzindawo, Aston ndi Bordesley Green, anthu ena anapezerapo mpata. Anapempha mavoti m'maina a anthu osadziwa kanthu, anatola mapepala m'makomo, ndipo pa mapepala ena anafufuta zimene eni ace analemba. Usiku wina apolisi anapeza kagulu ka anthu m'nyumba yosungiramo katundu, mapepala a voti ali mbwee pa gome. Anthu ena atafika pa malo oponyera anadabwa kumva kuti voti yao inatumizidwa kale pa positi.

Mlandu unapita ku bwalo, ndipo mu April 2005 woweruza Richard Mawrey anagamula kuti cinyengo cinalidi cacikuru. Anafafaniza zotsatira za zigawo zonse ziwiri, mipando 6 inakhala yopanda eni, ndipo anthu anasankhanso. Iye anadzudzula kolimba malamulo a nthawiyo, nati anasiya njira yotseguka kwa akuba. Caka cotsatira, mu 2006, Nyumba ya Malamulo inalamula kuti ali yense wopempha voti ya pa positi alembe tsiku lace lobadwa ndi kusaina dzina lace, kuti ziwirizi zisungidwe mu ofesi ndi kudzayerekezedwa ndi zimene zidzabwere pamodzi ndi voti. Lamulo lina la 2022 linatsekanso mipata ina yotsala.

M'MENE VOTI IPONYEDWA

Malamulo amenewa akhudza ndi abale a omvera omwe. Nzika ya dziko la m'Commonwealth imene ikhala ku Britain ndi cilolezo iri ndi ufulu wolembetsa ndi kuponya voti kumeneko. A ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique ali m'gulu limeneli, ndipo a ku Zimbabwe awerengedwabe momwemo ngakhale dziko lao linaturuka m'Commonwealth mu 2003. Cotero citsanzo cikhale mai wina wa ku Malawi amene agwira nchito ya unamwino m'cipatala ca ku Leeds, ndipo adziwiratu kuti pa Lacinai la cisankho ca aphungu adzakhala pa nchito kuyambira mbandakuca kufikira usiku.

Coyamba dzina lace liyenera kukhala m'buku la oponya voti. Kenaka apempha voti ya pa positi, pa kalata kapena pa intaneti, napereka tsiku lace lobadwa, dzina losaina, ndi nambala yace ya National Insurance, imene anthu ogwira nchito kumeneko amakhala nayo. Pempholi liyenera kufika isanakwane 5 koloko madzulo, kutatsala masiku 11 ogwira nchito kuti cisankho cicitike. Likabvomerezedwa likhala ndi mphamvu kwa zaka zosaposa zitatu, ndipo zikatha apemphanso, pakuti anthu amasamuka, amamwalira, ndipo dzanja la munthu lisintha ndi ukalamba. Pa dzina lace m'buku lopita ku malo oponyera aikapo cizindikiro, kotero kuti akapita kumeneko sadzampatsa pepala lina. Umu ndi m'mene atsekera njira yoponya kawiri.

Patapita masiku alandira kalata yokhala ndi zinthu zinai: pepala la voti, envelopu yaing'ono yolembedwa A, cikalata ca umboni, ndi envelopu yaikuru yolembedwa B. Kumbuyo kwa pepala la voti kuli nambala, ndipo nambala yomweyo iri pa envelopu yaing'ono ndi pa cikalata ca umboni. Maiyo akhala pa yekha, nalemba X pa dzina la amene akumfuna, naika pepalalo mu envelopu yaing'ono ndi kuimata. Pa cikalata ca umboni alemba tsiku lace lobadwa ndi kusaina. Tsono envelopu yaing'ono ndi cikalataco azilowetsa mu envelopu yaikuru, naiponya pa positi popanda kugula sitampa. Nzeru yonse yagona pa maenvelopu awiriwa. Dzina liri kunja, voti iri mkati, ndipo munthu angathe kuyesa dzina asanaone voti.

Kalatayo iyenera kukhala m'manja mwa mkuru woyang'anira cisankho isanakwane 10 koloko usiku wa tsiku loponya, imene iri nthawi yotsekera malo oponyera. Ikafika m'mawa mwace siwerengedwa, ngakhale cidindo ca positi cionetse kuti inaponyedwa kale. Maiko ena aweruza mosiyana: pa cisankho ca 2024 ku America, cigawo ca California cinalandira mavoti ofika m'masiku 7 otsatira, malinga cidindo ca positi cinali ca tsiku loponya kapena kumbuyo kwace. Njira imeneyo ipulumutsa mavoti ocedwa pa njira, koma icedwetsa zotsatira. Britain anasankha kufulumira, napatsa wocedwa mpata wina: maiyo akaona kuti masiku amthera, angathe kukapereka envelopu yace ndi manja pa malo oponyera a m'cigawo cace. Akalakwitsa polemba, kapena kalata yace ikasowa pa njira, angathe kupempha pepala lina kufikira 5 koloko madzulo a tsiku loponya, ndipo loyamba lija lithetsedwa.

Kuyambira 2024 lamulo licepetsanso manja ogwira mavoti a eni. Munthu wokapereka maenvelopu ndi manja aloledwa yace ndi ya anthu ena osaposa 5, ndipo ayenera kulemba dzina lace pa cikalata popereka. Anthu okopera cipani saloledwa konse kugwira voti ya munthu wina, kupatula ya mbale wao weniweni kapena ya munthu amene amsamalira. Phunziro la ku Birmingham lioneka bwino m'lamulo limeneli.

Njira ina ndi ija ya asilikari a kutali, yotuma munthu wokhulupirika kukaponya m'malo mwa mwini voti. Pempho lace liyenera kufika kutatsala masiku 6 ogwira nchito, ndipo wotumidwa mmodzi sangaimire anthu oposa 4, mwa iwo okhala m'dzikomo osaposa awiri. Njirayi ithandiza nzika zokhala m'maiko amene makalata acedwa kufika. Kuipa kwace nkwakuti wotumayo aulula cinsinsi cace kwa mnzace, ndipo alibe njira yodziwira ngati mnzaceyo anacita monga anamuuzira.

M'MENE MAVOTI ATSEGULIDWA NDI KUWERENGEDWA

Maenvelopu ayamba kufika tsiku la cisankho likali patali, ndipo asungidwa m'bokosi lotseka. Mkuru woyang'anira cisankho sangawatsegule nthawi imene wafuna. Ayenera kudziwitsa opikisana onse kutatsala maola 48, kuti atumize anthu ao odzaonerera. Pamaso pa mboni zimenezi bokosi litsegulidwa, maenvelopu awerengedwa kuti alipo angati, kenaka maenvelopu akuru okha atsegulidwa.

Cikalata ca umboni ciri conse ciyesedwa. Nambala yace iyenera kufanana ndi ya pa envelopu yaing'ono. Tsiku lobadwa ndi dzina losaina ziyenera kufanana ndi zimene zinasungidwa mu ofesi. Makina athandiza poyerekeza, koma wokana voti ayenera kukhala munthu, ndipo mboni za opikisana ziri ndi ufulu woona cikalata cokanidwa ndi kulembetsa kuti sizikubvomereza. Voti yokanidwa iikidwa padera pamodzi ndi cikalata cace, ndipo silowa m'bokosi. Mavoti ambiri okanidwa amakhala a anthu osalakwa. Wina alemba tsiku limene walembera m'malo mwa tsiku lace lobadwa, wina aiwala kusaina, ndipo mwamuna ndi mkazi olembera pa gome limodzi asinthanitsa zikalata. Cifukwa cace lamulo liti munthu amene voti yace yakanidwa auzidwe ndi kalata m'miyezi itatu, kuti asadzalakwitsenso. Amene sangathe kusaina cifukwa ca kulumala kapena kusadziwa kulemba angathe kupempha kuti amkhululukire kusainako.

Zikalata zobvomerezeka zikatha kuyesedwa, azimanga m'phukusi lace nalitseka ndi cidindo. Pokhapo ndi pamene maenvelopu ang'onoang'ono atsegulidwa. Apa ndi pamene dzina ndi voti zisiyana, ndipo dongosolo limeneli siliyenera kutembenuzidwa: maina acoke pa gome mavoti asanaturuke. Mapepala a voti aturutsidwa cafufumimba, kuti kuoneke nambala ya kumbuyo yokha, naikidwa m'bokosi lina limene litsekedwa ndi cidindo. Palibe aloledwa kuwerenga kuti uje wapeza angati 10 koloko ya usiku wa cisankho isanakwane, ndipo mboni imene yaona mwangozi ndi kukaulula kunja yapalamula mlandu woti ingalipitsidwe kapena kumangidwa nao. Cifukwa cace ncakuti mbiri yoti wina ali patsogolo ingathe kusintha mitima ya anthu amene sanaponye. Pa usiku wowerenga, mapepala a pa positi asakanizidwa ndi a m'bokosi la pa malo oponyera asanayambe kuwagawa, kuti pasadziwike m'mene anthu a pa positi anasankhira.

Wina angaope kuti nambala ya kumbuyo kwa pepala ingaulule mwini wace. Mndandanda wogwirizanitsa manambala ndi maina ulipodi, koma umatsekedwa ndi cidindo, ndipo sutsegulidwa popanda lamulo la bwalo la milandu kapena la Nyumba ya Malamulo. Ndiwo umene uthandiza woweruza kupeza mavoti acinyengo pa mlandu wonga wa ku Birmingham.

PHUNZIRO LA KU AUSTRIA

Kodi mwambo wonsewu wa maola, mboni ndi zidindo ngwofunikadi, makamaka pamene ogwira nchitoyo ali anthu okhulupirika? Yankho lace linaoneka ku Austria, dziko la pakati pa Ulaya, m'caka ca 2016.

Lamulungu pa 22 May anthu a kumeneko anasankha Pulezidenti pakati pa amuna awiri, Norbert Hofer ndi Alexander Van der Bellen. Mavoti a pa malo oponyera atawerengedwa usiku womwewo, Hofer anali patsogolo ndi mavoti oposa 140,000. Koma panatsala mavoti a pa positi oposa 700,000, amene lamulo linati awerengedwe m'mawa mwace. Atawerengedwa amenewo, Van der Bellen ndiye anapambana, ndi mavoti 30,863 okha pa mavoti onse pafupifupi 4,500,000.

Cipani ca Hofer cinadandaula ku bwalo lalikuru loona za malamulo a dziko. Lamulo la ku Austria linanena momveka kuti maenvelopu asatsegulidwe isanakwane 9 koloko m'mawa wa Lolemba, ndi kuti atsegulidwe ndi kuwerengedwa pamaso pa bungwe la cisankho la m'boma liri lonse, m'mene mukhala oimira zipani. Mboni zitafunsidwa, kunapezeka kuti m'maboma ena akalaliki, pofuna kufulumiza nchito, anayamba kung'amba maenvelopu nthawi isanakwane. Kwina anawerenga okha a bungwe kulibe, ndipo a bungwewo anadzasaina pambuyo pace kuti zonse zinayenda bwino, cikhalireco sanaone ndi maso ao.

Pa 1 July 2016 bwalo linagamula. Linanena poyera kuti silinapeze umboni woti munthu anaba kapena kusintha mavoti. Koma linapeza kuti m'maboma 14 malamulo anaphwanyidwa, ndi kuti mavoti okhudzidwa anaposa 77,000. Popeza opikisanawo anasiyana ndi 30,863, mavoti amenewo anali okwanira kutembenuza zotsatira cikhala kuti wina anawasokoneza. Nanga ndani akanatsimikiza kuti sanasokonezedwe, pamene mboni zimene lamulo linaika sizinalipo? Madzi akatayika saoleka: envelopu yong'ambidwa mseri singathe kubwezedwa kuti ing'ambidwenso pamaso pa anthu. Bwalo linalamula kuti dziko lonse liponyenso.

Tsiku latsopano linali 2 October. Koma mu September kunapezeka kuti guluu wa maenvelopu ena sanali kugwira, kotero kuti envelopu yomatidwa bwino inali kumatuka yokha, ndipo lamulo likana voti yofika mu envelopu yotseguka. Boma linasuntha tsikulo kufikira 4 December. Nthawi yonseyi dziko linalibe Pulezidenti, pakuti nyengo ya Heinz Fischer inatha pa 8 July, ndipo nchito yace inagwiridwa ndi atsogoleri atatu a Nyumba ya Malamulo, mmodzi wa iwo ali Hofer yemweyo. Mu December Van der Bellen anapambananso, tsopano ndi mavoti oposa 300,000, Hofer nabvomereza kuti wagonja. Maola ocepa amene akalaliki anafuna kupulumutsa anatayitsa dziko miyezi yoposa 6.

Omvera a ku Malawi adzakumbukira kuti pa 3 February 2020 bwalo la kwao linafafaniza cisankho ca Pulezidenti ca May 2019, mwa zina cifukwa ca mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tippex. Mlandu umenewo sunali wa mavoti a pa positi, koma muzu wace ndi womwewo. Wogonja abvomereza kugonja pokhapo atakhutira kuti nchito inagwiridwa monga lamulo linanenera, anthu ace akuona.

NJIRA ZA MAIKO A KUNO

Maiko a kum'mwera kwa Africa sanatsate Britain m'zonse, ndipo cifukwa cace cimveka. Voti ya pa positi idalira kalata yofika pakhomo pa mwini wace mu nthawi yace. Kumene makalata a mudzi wonse adzera pa bokosi limodzi la sukulu kapena la mpingo, pepala la voti lipita m'manja ambiri lisanafike kwa mwini.

Dziko la South Africa linasankha voti yapadera yoponyedwa pamaso pa wa Boma. Odwala, olumala ndi amai apakati ayenderedwa m'makomo mwao, ndipo ena amene anapempha aponya msanga pa malo ao oponyera. Mu 2024 izi zinacitika pa 27 ndi 28 May, cisankho ciri pa 29 May. Nakonso agwiritsa nchito maenvelopu awiri, ya mkati yopanda dzina ndi ya kunja yokhala ndi dzina. Mu 2009 bwalo lalikuru la dzikolo linagamula kuti nzika yolembetsa imene iri kunja iri ndi ufulu woponya, ndipo nzika zotere ziponya pa maofesi a akazembe. Mozambique analola nzika zace za kunja kuponya kuyambira 2004, kuphatikizapo zokhala ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ndipo pa mipando 250 ya Nyumba ya Malamulo iwiri ndi yao, umodzi wa okhala mu Africa ndi wina wa okhala kwina konse. Ku Zimbabwe voti ya pa positi iripo, koma ndi ya anthu amene Boma lawatuma pa nchito, monga apolisi, ogwira nchito ya cisankho ndi a m'maofesi a akazembe. Ndipo mu 2018 bwalo lalikuru linakana pempho la nzika za kunja lofuna kuponyera komwe ziri. Pa cisankho ca ku Zambia ca 2021 ndi ca ku Malawi ca 2025, nzika yokhala kunja inayenera kubwera kwao kuti iponye.

Kumene nkhani yopatsa voti anthu a kutali ikambidwa, mafunso ace ndi omwewo amene Britain ndi Austria anakumana nao. Adziwa bwanji kuti pepala lacokera kwa mwini wace? Dzina licotsedwa pa nthawi iti kuti cinsinsi cisungike? Nthawi yomaliza yolandira ndi iti? Ndani adzakhalapo potsegula? Lamulo losayankha limodzi mwa mafunso amenewa lidzabala milandu.

Kwa munthu woponya ali kutali, malangizo ace ndi awa: apemphe msanga, alembe ali yekha, ayang'ane kawiri tsiku lobadwa ndi dzina lace, ndipo abweze pepala lace masiku akalipo, osalipereka kwa mlendo wogogoda pakhomo. Kwa wogwira nchito ya cisankho malangizo ndi amodzi okha: asang'ambe envelopu nthawi isanakwane, ndipo asaing'ambe mboni zisanafike, ngakhale usiku utalike bwanji.